Kalata yotseguka kwa akuluakulu ofuna kusandutsa bwalo la ndege lakale kukhala malo opangira mafilimu

Olemekezeka a Wapampando, makhansala, ndi inu nonse oyang'anira za malo,

Ganizo loti bwalo la ndege lotsekedwa lisanduke malo opangira mafilimu ndi ntchito zina za luso ine ndikugwirizana nalo, ndipo ndanenera poyambirira kuti musandiike m'gulu la anthu okana chilichonse chatsopano. Ntchito yanga ndi yojambula mawu. Ndine uja amakhala pakona atavala mahedifoni, n'kumakweza dzanja pamene ena onse akuganiza kuti zayenda bwino. Malo amenewa akatheka, ine ndi anzanga ndife oyamba kudyerapo. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mmene nkhani zotere zimayendera nthawi zambiri. Kampani imabwera ndi chithunzi chokongola cha pa kompyuta, imatchula ntchito masauzande, khonsolo imagulitsa malo onse tsiku limodzi, ndipo kuyambira pamenepo anthu eni dera alibenso pakamwa. Pempho langa ndi lakuti malowo musagulitse. Aperekeni pa lizi, kutanthauza kubwereketsa kwa zaka zowerengeka umwini uli wanube, chigawo ndi chigawo, ndipo zonse zimene akulonjeza pakamwa zilembedwe mu mgwirizano woti aliyense angathe kuuwerenga.

Amene anaganiza za bwalo la ndege sanaphonye. Filimu imafuna zinthu zosowa mumzinda: malo aakulu athyathyathya, nyumba zazitali zopanda mizati pakati, zitseko zoti lole n'kulowa ndi katundu wake, ndi mpanda woti anthu asamasuzumire. Shedi yosungiramo ndege anaimanga kuti mapiko adutse osagunda kanthu, choncho mkati mwake mutha kumanga msewu wathunthu ndi nyumba zake. Ku Cardington, ku England, kuli mashedi awiri a ndege zazikulu zonga mabaluni zouluka ndi mpweya, iliyonse yotalika mamita oposa 240, ndipo mu imodzi mwa iwo wotsogolera mafilimu Christopher Nolan anamangamo mbali ya mzinda wongopeka wa Gotham pojambula filimu ya Batman Begins. Msewu wonyamukira ndege nawo ndi chuma pawokha. Ndi wolimba, malole angaime pamenepo ochuluka bwanji osatitimira, galimoto zingathamangitsane popanda kutsekereza munthu njira, ndipo kamera ikaloza kulikonse imaona thambo lokha.

Aliyense wobwera ndi pulani yotere amatchula Leavesden, bwalo la ndege lakale kufupi ndi Watford ku England, koma amakonda kukuuzani mathero okha. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pamalopo ankapanga ndege zankhondo za Halifax ndi Mosquito. Pambuyo pake inakhala fakitale ya mainjini m'manja mwa Rolls-Royce, mpaka inatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mu 1994 opanga mafilimu a James Bond anapeza kuti ku situdiyo ya Pinewood, kumene ankajambulira nthawi zambiri, kwadzaza. Anachita lendi fakitale yopanda munthu ija, anaikonza mothamanga, ndipo GoldenEye inatuluka mu 1995. Kenako kunabwera Star Wars imene inatuluka mu 1999, ndipo kuyambira mu 2000 mafilimu onse 8 a Harry Potter anajambulidwira kumeneko. Kampani ya Warner Bros. inagula malowo mu 2010, inathirapo mapaundi oposa 100 miliyoni, n'kutsegulanso mu 2012. Tawerengani zakazo, mabwana. Kuchokera pa filimu yoyamba kufika pogula panadutsa zaka 16. Ntchito ndiyo inatsogola, m'nyumba zakale zomwezo, ndipo ndalama zazikulu zinabwera akalipentala, amagetsi ndi opaka penti atazolowera kale njira yopita kumeneko. Onjezaninso kuti London ili pafupi, ndipo m'dera limenelo muli situdiyo za Pinewood, Shepperton ndi Elstree, kumene kwakhala kukuphuka amisiri a mafilimu kuyambira nthawi ya agogo awo.

Malo a ku Leavesden sanali a khonsolo, choncho pa nkhani ya umwini amene akufanana nanu ndi a ku Austin, ku Texas. Bwalo lawo la Robert Mueller linatsekedwa mu 1999 ndege zitasamukira ku bwalo latsopano. Mu 2000 mzindawo unapereka maekala pafupifupi 20 ndi mashedi ake kwa Austin Film Society, bungwe losapanga phindu limene wotsogolera mafilimu Richard Linklater anayambitsa mu 1985. Mzinda sunagulitse, unangobwereketsa. Zitaoneka kuti mafilimu akubweradi, anthu a mumzindawo anavota mu 2006 kuti pathiridwe madola 5 miliyoni okonzera mashediwo, ndipo mu 2012 anavoteranso ndalama zina. Ndalama ya anthu inkatuluka pang'onopang'ono, nthawi iliyonse eni ake atafunsidwa, ndipo ataona ndi maso awo chimene ndalama yoyamba inachita. Gawo lalikulu la bwalolo linasanduka nyumba zokhalamo, masitolo ndi mapaki, koma kagawo ka mafilimu sikanamezedwe chifukwa mwini wake ndi mzinda.

Tsopano imvani za amene anagula mbereko mwana asanabadwe. Malo awiri awa sanali mabwalo a ndege, koma matenda ake ndi omwewo. Boma la chigawo cha Valencia ku Spain linamanga Ciudad de la Luz ku Alicante, situdiyo zamakono zimene zinatsegulidwa mu 2005. Mu 2012 European Commission, nthambi yoyang'anira malamulo a mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, inagamula kuti mayuro 265 miliyoni amene boma linathirapo anali thandizo losaloledwa, chifukwa palibe wamalonda wanzeru akanaika ndalama zake pa mfundo zimenezo. Malowo anakhala zaka zambiri osajambuliramo filimu, mpaka analoledwanso mu 2022. Ku Pontiac, m'chigawo cha Michigan ku America, anamanga situdiyo pamalo akale a kampani yopanga galimoto ya General Motors, n'kuitsegula mu 2011. Filimu ya Oz the Great and Powerful inajambulidwira kumeneko. Koma chaka chomwecho boma la chigawocho linachepetsa ndalama zokopera opanga mafilimu, ntchito inauma, situdiyo inalephera kubweza ngongole, ndipo ndalama za penshoni za ogwira ntchito m'boma, zimene zinali chikole, ndizo zinalipira. Mu 2015 Michigan inathetseratu ndalama zokopera zija. Aphunzitsi ndi apolisi opuma ntchito sanafunsidwe ngati akufuna kulowa m'malonda a mafilimu.

Phunziro lake si lakuti situdiyo n'zoipa ayi. Nkhani ndi yakuti mafilimu akuluakulu satsata makoma, amatsata msonkho. Dziko lina likawabwezera ndalama zambiri kuposa lanu, amanyamuka, ndipo chigamulo chimenecho sichichitikira m'chipinda chanu cha misonkhano. Mu 2023 olemba mafilimu ku America ananyanyala ntchito masiku 148, osewera masiku 118, ndipo situdiyo za m'mayiko akutali, kumene kunalibe wonyanyala ndi mmodzi yemwe, zinangoti zii. Anzathu ena odziwa ntchito yawo bwino anapita kukayendetsa galimoto zoperekera katundu, ndipo ena sanabwererenso. Ndiye funso loyamba kufunsa kampani iliyonse si lakuti ibweretsa filimu yanji. Muifunse kuti miyezi imene kulibe filimu, pamalopo padzakhala ndani, ndipo magetsi adzalipira ndani.

Ndikuuzeniko za m'shedi, poti kumeneko ndiko kwathu. Nthawi ina tinkajambula mu shedi ya ndege imene eni ake ankaitcha situdiyo chifukwa choti anaipaka penti yakuda mkati. Wosewera wamkazi ankayenera kunena mawu ochepa chabe, monong'ona, kamera ili pafupi ndi nkhope yake. Kunja kunayamba kuwaza, kamvula koti munthu sangavutike n'kutsegula ambulera. Pa malata aakulu aja kanameza mawu onse, moti m'mahedifoni simunkamveka china chilichonse. Ndinakweza dzanja. Amagetsi anakhala pansi pa mabokosi a zipangizo, wodzola anthu nkhope anabweranso kudzapukuta thukuta la wosewerayo, wotsogolera filimu akungoyang'ana wotchi, ndipo gulu lonselo linkalipidwa lili chikhalire. Mvula itakata, nkhunda za m'zitsulo za kudenga zinayamba zawo. Nkhunda zitatopa, mphepo inayamba kugwedeza zitseko zija, zimene sanazipange kuti zizitseka mpweya. Pamapeto pake mawu amenewo tinakawajambulanso kwina, m'kachipinda kakang'ono, ndipo kampani ija sinabwerenso ku shedi imeneyo.

Kuti shedi ikhale situdiyo pamafunika kumanga nyumba ina mkati mwake: khoma lachiwiri losakhudzana ndi loyamba, denga lachiwiri, zofunda zomeza mawu, ndi makina oziziritsa oti azigwira ntchito osalira, chifukwa nyale zikayaka mumatentha koopsa, pamene fani wamba amayenera kuzimitsidwa nthawi iliyonse tikamajambula. Denga lakale nalo silinamangidwe kuti lipachikidwe matani a nyale ndi zitsulo. Ndalama za ku Austin za 2006 zija mbali yake inapita ku zimenezi, kutseka mawu ndi kuziziritsa. Ndiponso musaganize kuti bwalo likatsekedwa ndiye kuti kumwamba kwakhala bata. Ku Bovingdon, ku England, bwalo lakale limene wailesi ya kanema ya ITV imajambulirako mapulogalamu, m'mwamba mwake ndi mmodzi mwa malo amene ndege zimazungulira podikira kutera ku Heathrow, bwalo lalikulu la ku London. Tumizani munthu ndi makina oyezera phokoso akhale pamalopo usana ndi usiku, nyengo yamvula ndi yadzuwa, musanakhulupirire chithunzi cha pa kompyuta.

Za pansi pa nthaka ndizo anthu sakonda kuzitchula pa misonkhano. Pa bwalo la ndege pamakhala matanki amafuta okwiriridwa, ena odontha kwa zaka zambiri. Nyumba zakale zimakhala ndi asibesito, chomangira chimene fumbi lake limawononga mapapo. Ngati linali la asilikali, pangapezeke zipolopolo ndi mabomba osaphulika. Choopsa kwambiri ndi thovu lozimitsira moto limene ozimitsa moto ankaphunzirira nalo pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka. Muli mankhwala otchedwa PFAS, amene sawola, amalowa pansi n'kukafika m'madzi a m'zitsime, ndipo apezeka m'mabwalo a ndege ambiri ku America, ku Ulaya ndi ku Australia. Kuwachotsa n'kodula zedi. Mgwirizano ukapanda kunena momveka kuti woyeretsa ndani, kampani idzamanga pamalo abwino, n'kukusiyirani inu kumene kuli poizoni. Kapena idzabwera pakatha zaka zingapo n'kunena kuti kuyeretsa kwadya ndalama zonse, choncho muilole imange nyumba zogulitsa m'malo mwa situdiyo.

Pamenepa ndipo pagona mantha anga enieni. Malo aakulu athyathyathya, okhala kale ndi msewu, madzi ndi magetsi, amasiririka kwa omanga nyumba ndi omanga nkhokwe za katundu kuposa mmene amasiririkira kwa opanga mafilimu. Chilolezo chomanga chikangotuluka, mtengo wa malowo umakwera ngakhale pasanaikidwe njerwa imodzi. Sindikunena kuti aliyense wobwera ndi pulani ya mafilimu ndi wachinyengo. Ndikunena kuti ngakhale wolungama akhoza kugwa, kapena kugulidwa ndi wina, ndipo amene adzatenge malowo pambuyo pake sanakulonjezeni kanthu. Lizi imakutetezani pamenepa. Mulembemo kuti chigawo chachiwiri chidzaperekedwa choyamba chikayamba kugwira ntchito, kuti malo osamangidwa pofika chaka chakutichakuti adzabwerera kwa inu, ndipo kuti kusintha ntchito ya malowo kudzafuna voti yatsopano ya khonsolo pamaso pa anthu. Ngati nyumba zokhalamo zikufunika, ndipo nthawi zambiri zimafunikadi, nenani poyera, muziike patali ndi pojambulira. Ife timagwira ntchito usiku, ndi nyale zowala ngati masana, nthawi zina ndi zophulitsa. Munthu amene wagula nyumba kuseri kwa mpanda adzadandaula, ndipo adzakhala ndi chifukwa chomveka.

Za ntchito masauzande zija, pemphani kuti akuphwanyireni nambalayo. Ndi zingati zomanga, zimene zidzatha makoma akaima? Ndi zingati zongoyerekeza, zoti mwina wogulitsa mafuta adzalemba munthu wina? Ndi zingati za anthu olembedwa pa situdiyo penipeni? Mudzapeza kuti omalizawa ndi ochepa: alonda, osamalira nyumba, a mu ofesi. Ambirife timalembedwa pa filimu imodzi, ikatha timasaka ina, ndipo munthu mmodzi yemweyo akhoza kuwerengedwa kangapo pa chaka. Filimu yaikulu imabwera ndi akuluakulu ake a nthambi iliyonse, ndipo iwo amaitana anthu amene anagwirapo nawo kale. Mwana wa m'dera lanu salowa chifukwa choti situdiyo ili pafupi ndi kwawo. Amalowa ngati pali lamulo lolembedwa loti filimu iliyonse itenge ophunzira ntchito olipidwa, ndipo ngati sukulu ya ntchito zamanja yapatsidwa chipinda mkati mwa mpanda momwemo, osati kutauni.

Ndipo ayenera kufikako. Mabwalo a ndege anawamanga kutali ndi anthu mwadala. Ife timaitanidwa kusanache, timaweruka usiku. Wophunzira ntchito amafunika kufika ena onse asanafike, ndipo ndi iye yemweyo amene alibe galimoto. Ndinagwirapo ndi mtsikana wina wa manja abwino kwambiri pa zingwe ndi mabatire, wofulumira kumva, amene anasiya pakati pa filimu chifukwa basi yoyamba inkafika ntchito itayamba kale, ndipo ndalama yake yonse inkathera pa takisi. Pamalo pake analowa mwana wa munthu wina wa m'gulu lomwelo, amene ankabwera pa galimoto ya bambo ake. Basi ya m'bandakucha si nkhani yokoma kuilemba pa chikwangwani chotsegulira, koma ndi imene idzasankhe kuti ntchitozo zipite kwa ana a ndani.

Mu pulani zotere mumakhalanso mawu akuti malowo adzakhala a anthu onse aluso: oimba, ojambula zithunzi zoyenda pa kompyuta, olumikiza mafilimu, osoka zovala, osema, opanga masewera a pa kompyuta. Awa ndiwo yankho la funso lija la miyezi yopanda filimu, chifukwa iwo sasamuka msonkho ukasintha. Koma dziwani kuti zofuna zawo zimawombana ndi za situdiyo yaikulu. Situdiyo yaikulu imafuna chinsinsi: chitupa pachipata, mafoni omatidwa kamera, mlendo aliyense woperekezedwa. Telala wa zovala za zisudzo kapena mnyamata wojambula nyimbo amafuna kasitomala alowe momasuka. Mukapanda kuwapatsa chipata chawochawo ndi chigawo chawochawo kuyambira pa mapu oyamba, adzatsala kunja. Zimene amafuna si zapamwamba: chipinda chouma chokhoma bwino, magetsi osazimazima, intaneti yothamanga, ndi lendi yodziwika kwa zaka zingapo. Nyumba zing'onozing'ono zakale za pabwalopo, maofesi, mosungira zida, mozimitsira moto, zimawakwanira. Musazigwetse pofuna kuti malo aoneke atsopano.

Lendiyo muilembe, chifukwa malo akatchuka wolemera amabwera. Ku Playa Vista, ku Los Angeles, kuli shedi yamatabwa imene mpondamatiki wopanga ndege Howard Hughes anamangiramo ndege yake yaikulu kwambiri m'zaka za m'ma 1940. Bwalo litatsekedwa, shediyo inagwira ntchito ngati situdiyo kwa zaka zambiri. Lero ndi maofesi a Google. Palibe amene analakwa, mwini malo anangotenga wolipira bwino. Khonsolo ikakhala mwini, ingathe kunena kuti gawo lakutilakuti lidzakhala la lendi yotsika mpaka lizi idzathe, ndipo liziyendetsedwa ndi bungwe la aluso eni ake monga anachitira ku Austin.

Pomaliza pa za malo, kumbukirani kuti bwalo lotsekedwa silikhala lopanda eni. Pakapita zaka, anthu amayamba kuthamangirapo, kuphunzirirapo njinga, ndipo mbalame zoikira mazira pansi zimakhazikika m'udzu. Ku Berlin bwalo la Tempelhof linatsekedwa mu 2008, linatsegulidwa ngati paki mu 2010, ndipo mu 2014 anthu anavota kukana pulani ya akuluakulu a mzinda yomanga m'mbali mwake. Mafilimu amajambulidwabe m'nyumba zake zakale. Inu simuyenera kuchita ngati Berlin, koma ndi bwino kufunsa anthu mapu asanajambulidwe kusiyana n'kukakumana nawo kukhoti.

Musanavote, ikani poyera lipoti lonse la nthaka ndi madzi, osati chidule cholembedwa ndi kampani. Ikaninso poyera chikalata cha lizi, kuphatikizapo ndime zonena za ngongole, za chikole, ndi za amene adzalipire zinthu zikavuta, ndipo ngati pali ndalama ya anthu kapena ya penshoni imene ikukhudzidwa, itchulidwe ndi dzina ndi kuchuluka kwake. Msonkhano womva maganizo a anthu muuike tsiku Lamlungu kapena madzulo, chifukwa mkati mwa sabata masana ife timakhala tili pa ntchito, ndipo muitane amagetsi, akalipentala, atelala ndi oyendetsa malole, osati eni makampani okha. Tidzabwera ndi makina athu oyezera phokoso, ndipo ngati mutipatsa makiyi a shedi imodzi tisanafike tsiku la voti, tidzakulemberani kwaulere zimene ikufunika kuti filimu yoyamba ijambulidwemo.

Ine wanu,
Wojambula mawu m'mafilimu